Nambala pa chipolopolo ingagwiritse wakupha?

Funso la wowerenga wathu wa ku Indiana, m'dziko la America: "Ndimagwira ntchito pa fakitale ina limodzi ndi anzanga okonda kusaka agwape. Tsiku lina pa nkhomaliro anapsa mtima pokambirana za malamulo amene andale ena akhala akufuna, oti chipolopolo chilichonse chizikhala ndi nambala ndipo wogula azilembedwa m'kaundula. Ine ndinati zimenezo ndiye zabwino, wakupha munthu azigwidwa msanga. Anandiseka, wina n'kundiuza kuti sindikudziwa chimene ndikunena. Mlamu wanga anawomberedwa ndi achifwamba zaka zapitazo. Pamalopo panatoledwa makoko atatu a zipolopolo, koma mpaka lero wakuphayo sanapezeke. Kodi anzangawa akuopa chiyani? Nanga nambalayo singathandize?"

Achimwene, pepani kwambiri za alamu anu. Munthu amene waika m'bale m'manda wakupha akuyendabe mumsewu sayenera kusekedwa akafunsa funso ngati limeneli, ndipo anzanuwo analakwa pamenepo. Koma pa zimene akudandaula, zambiri akunena zoona, ndipo ndikanakhala ndikukunamizani ndikanati nambalayo ikanagwiritsa amene anapha alamu anu. Pali malo amene nambala pa chipolopolo yagwiradi ntchito mpaka anthu kulowa m'ndende. Malowo si kumene andale a ku America akhala akuloza chala. Tiyambire pa makoko atatu aja.

Chimene timangochitcha chipolopolo ndi zinthu zinayi zophatikizana. Pali khoko la mkuwa, mkati mwake muli wonga, kumatako kwake kuli fataki ngati uja ankaika agogo athu pa mfuti ya gogodela, ndipo kukamwa kwake kuli mutu wa mtovu umene umauluka n'kukalasa. Mfuti ikalira, mutu umapita, khoko limatsala. Pisitomu zamakono ndi mfuti zonga AK-47 zimalavula khokolo pansi, n'chifukwa chake apolisi amatola makoko pamalo pamene mfuti yalirira. Mukatembenuza khoko muona zilembo kumatako kwake: dzina la kampani ndi kukula kwa chipolopolo, ndipo za asilikali zimakhala ndi chizindikiro cha fakitale ndi chaka chimene zinapangidwa. Zilembo zimenezi n'zofanana pa zipolopolo mamiliyoni ambiri. Nambala ya gulu limene zinapangidwira limodzi nthawi zambiri imakhala pa bokosi lokha, ndipo bokosilo wachifwamba sapita nalo kokaba. Ndiye wapolisi wotola khoko amadziwa kuti linapangidwa kuti, koma sadziwa kuti linadzera m'manja mwa yani.

Mpata umenewu ndi umene anthu ena anafuna kutseka. Mu 2005 phungu Joe Dunn wa ku California, mothandizidwa ndi loya wamkulu wa boma la chigawocho Bill Lockyer, anabweretsa bilu yoti zipolopolo za pisitomu zizikhala ndi nambala. Inadutsa m'nyumba imodzi ya malamulo n'kukafera mu inayo. Cha mu 2008 maganizo omwewo anatulukiranso m'zigawo zoposa 10, ndipo Indiana kumene muliko inali m'gululo. Dongosolo lake linali lotere: makina a laser alembe nambala yaing'ono kwambiri kumatako kwa mutu wa chipolopolo ndi mkati mwa khoko, zipolopolo zonse za m'bokosi limodzi zikhale ndi nambala imodzi, yomweyonso ikhale pa bokosi. Wogulitsa alembe dzina la wogula, tsiku lake lobadwa ndi nambala ya laisensi yake yoyendetsera galimoto, n'kutumiza ku kaundula wa boma. Ndalama zoyendetsera kaundulayo zichokere pa msonkho wa chipolopolo chilichonse, umene m'mabilu ena unali masenti 5. Ndipo pofika tsiku loikika, aliyense akhale atataya zipolopolo zonse zopanda nambala zimene ali nazo m'nyumba. Palibe chigawo ngakhale chimodzi chimene chinavomereza, koma mabilu otere amabukabe apo ndi apo, monga ku Illinois, n'chifukwa chake nkhaniyi siitha pa nkhomaliro ya anzanuwo.

Maganizo oyang'ana chipolopolo m'malo mwa mfuti si opusa ayi. Mfuti siifa msanga. Ife a kumwera kuno kwa Africa tikudziwa: nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma ma AK-47 ake anapitiriza kuvutitsa anthu m'mayiko oyandikana nalo, Malawi yemwe, kwa zaka zambiri pambuyo pake. Chimene chimatha ndi chipolopolo, ndipo mwini mfuti ayenera kubwerera kumsika. Phungu wa ku New York, Daniel Patrick Moynihan, ankanena zomwezi mu 1993 pofuna msonkho waukulu pa zipolopolo zina: mfuti zimene zili kale m'manja mwa anthu zidzakhalapo mibadwomibadwo, pamene zipolopolo zosungidwa zingathe m'zaka zochepa. Pamenepo ndimagwirizana naye. Vuto limayamba tikafunsa kuti nambalayo ikatiuza chiyani.

Nambala imaloza amene anagula bokosi m'sitolo. Siloza amene anakoka chala. Mwina mukuti kusiyanako n'kochepa, wapolisi angoyambira pa wogulayo n'kumatsatira. Pa mfuti zimathekadi, chifukwa mfuti ndi chinthu chimodzi chimene mwini wake amadziwa tsiku limene chinasowa. Koma bokosi la zipolopolo 50 limamwazika. Munthu wagula mabokosi 10, wawombera ena kumalo ophunzirira, wagawirako mlamu wake popita kosaka, lina laiwalika m'galimoto imene kenako yathyoledwa. Patapita zaka 6 nambala yake yapezeka pa mtembo m'tauni imene sanapondemo. Ayankha kuti chiyani? Ndipo wachifwamba weniweni sapita kusitolo ndi laisensi yake. Amaba, amatuma chibwenzi chake, kapena amaoloka malire kukagula kuchigawo kumene lamulolo kulibe. Ku America malire a zigawo alibe chipata, ndi chikwangwani chabe m'mbali mwa msewu.

Pali chinanso chimene ife osawombera sitichiganizira. Kumalo ophunzirira kuwombera makoko amangoti mbwee pansi ngati makoko a mtedza pamsika. Aliyense angathe kutola odzaza dzanja. Akakhala ndi nambala za anthu, munthu woipa mtima angawatole n'kukawamwaza pamene waphera mnzake, apolisi n'kukagogoda pakhomo pa munthu wosalakwa. Komanso alenje ambiri ngati anzanuwo sataya makoko. Ali ndi timakina m'magalaja mwawo, amachotsa fataki wakale, kuikamo watsopano, kuthira wonga ndi kutsekera mutu wina, ndipo khoko limodzi limagwira ntchito kangapo. Ena amasungunula okha mtovu n'kuumba mitu. Makoko akale amagulitsidwa pa kilo. Lamulo la nambala silingayende pokhapokha mwambo wonsewu utaletsedwa, ndipo kwa munthu amene anaphunzira zimenezi kwa bambo ake, kumeneko n'kumulanda chinthu cha mumtima, osati cha m'thumba mokha.

Za mtengo sindichedwapo. Mafakitale a ku America amatulutsa zipolopolo mabiliyoni angapo pachaka, ndipo zimayenda m'makina ngati chimanga pachigayo, zosakanikirana, n'kumagwera m'mabokosi kumapeto. Kuti mutu, khoko ndi bokosi zikhale ndi nambala imodzi popanda kuphonya, fakitale iyenera kumangidwanso. Opanga anati mtengo ukwera koopsa, ofuna lamulo anati ukwera pang'ono, ndipo popeza palibe amene anayesapo pa mlingo waukulu chotero, aliyense ankangotchula nambala yomukomera. Chimene chinaipitsa mbiri ya mabilu a 2008 ndi chakuti kampani ya ku Seattle yotchedwa Ammunition Coding System, imene inali mwini wa luso lolembera manambalawo, ndi yomwenso inkalimbikitsa aphungu kuti lamulolo likhazikitsidwe. Lamulo likanadutsa, opanga zipolopolo akanamalipira iyo. Anzanuwo akamati panali fungo la ndalama, sakupeka.

Koma mantha aakulu si a mtengo. Ndi a kaundula. Amene walembedwa kuti amagula zipolopolo za mtundu wakuti ndiye kuti waulula mfuti imene ali nayo, ndipo eni mfuti ambiri a ku America amakhulupirira kuti mndandanda wa lero ndi umene boma lidzagwiritse ntchito polanda mawa. Nkhaniyi ili ndi mbiri. Lamulo la dziko lonse la 1968 linkakakamiza ogulitsa kulemba aliyense wogula zipolopolo. Mabuku anadzaza, ndipo mu 1986 nyumba ya malamulo inachotsa gawo limenelo la lamulolo, nthambi ya boma yoona za mfuti, ATF, itanena yokha kuti mabukuwo sankathandiza kwenikweni pofufuza milandu. Lamulo lomwelo la 1986 linaletsa boma lalikulu kukhala ndi kaundula wa eni mfuti. Zoti asilikali adzayenda khomo ndi khomo kulanda mfuti, ine sindiziona zikuchitika m'dziko limene khoti lalikulu linagamula mu 2008 kuti kusunga mfuti m'nyumba ndi ufulu wa munthu payekha. Apo anzanuwo akuthawa mthunzi. Chimene ndimachiopa nawo limodzi ndi kudontha kwa kaundulayo. Mu December 2012 nyuzipepala ina ya ku New York inaika pa intaneti mapu osonyeza mayina ndi nyumba za anthu okhala ndi ziphaso za pisitomu. Mu June 2022 ofesi ya zachilungamo ya California inaulula mwangozi mayina ndi maadiresi a anthu pafupifupi 192,000 amene anapempha chilolezo choyenda ndi mfuti. Taganizani mayi amene anathawa mwamuna wankhanza, n'kugula mfuti yodzitetezera kumalo kumene akubisala. Adiresi yake ikakhala pa mndandanda wotero, lamulo lofuna kumuteteza ndi limene lamupereka.

Mabilu a nambala atalephera, California inayesa njira zina ziwiri. Yoyamba ndi yotchedwa microstamping, yoti mfuti yokha izidinda khoko. Pa nsonga ya kamsomali kamene kamamenya fataki amazokotapo manambala osaoneka ndi maso, ndiye mfuti ikalira khoko limagwa lili ndi chidindo cha mfutiyo. Arnold Schwarzenegger anasaina lamuloli mu 2007, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2013 pamene Kamala Harris anali loya wamkulu wa chigawocho. Makampani monga Smith & Wesson ndi Ruger anakana, n'kungosiya kubweretsa mitundu yatsopano ya pisitomu ku California. Zaka 10 zinatha popanda pisitomu ya chidindo pamsika, mpaka woweruza wina anaimitsa lamulolo mu 2023. Chaka chomwecho chigawocho chinapanga lina loti liyambe mu 2028, ndipo New York ndi New Jersey anapanga awo mu 2022. Pa njira zonse za ku America, iyi ndi imene ndimaipatsa ulemu, chifukwa imaloza mfuti imodzi osati bokosi lomwazika, ndipo siifuna kulemba aliyense wogula zipolopolo. Zofooka zake n'zodziwika: kamsomaliko kangapalidwe ndi tupa kapena kusinthidwa, mfuti ya revolver silavula makoko, ndipo mfuti mamiliyoni mazanamazana zimene zili kale m'nyumba za anthu zilibe chidindo. Komabe achifwamba ambiri si amisiri, ndi anyamata opupuluma, ndipo makampani amene akhala akukana ngakhale kuyesa sangatiuze motsimikiza kuti njirayi siingagwire.

Yachiwiri ndi yofufuza mbiri ya wogula zipolopolo, imene anthu a ku California anavotera mu 2016 n'kuyamba mu July 2019. Yagwirako ena oletsedwa kukhala ndi mfuti, koma yabwezanso anthu osalakwa ambirimbiri chifukwa adiresi ya pa laisensi sinkafanana ndi ya m'kompyuta ya boma. Katswiri wowombera pa masewera a Olympics, Kim Rhode, anakasuma, ndipo mlanduwo wayenda m'makhoti zaka zambiri. Onjezanipo za ku Maryland, kumene kuyambira mu 2000 pisitomu yatsopano iliyonse inkagulitsidwa khoko lake limodzi litatumizidwa kupolisi kuti lijambulidwe. Anasonkhanitsa makoko oposa 300,000, anawononga madola pafupifupi 5 miliyoni, ndipo mu 2015 anathetsa ntchitoyo poona kuti sikubala zipatso. New York inasiya yake mu 2012. Anzanuwo akamaseka, m'mutu mwawo muli zimenezi.

Tsopano tiwoloke kupita ku Brazil, kumene ndikufuna muwatengere anzanuwo, chifukwa nkhani imeneyi ambiri a iwo sanaimvepo.

Mu December 2003 Brazil inakhazikitsa lamulo loletsa kuchuluka kwa zida, ndipo mbali ina inati zipolopolo zogulitsidwa kwa apolisi ndi asilikali zizikhala ndi chizindikiro cha gulu lake pa khoko penipeni. Kampani ya CBC, imene imapanga pafupifupi zipolopolo zonse za dzikolo, inayamba kulemba zilembo ndi laser m'kamzere ka kumunsi kwa khoko. Sanalembe dzina la munthu. Analemba gulu, ndipo buku la fakitale limasonyeza kuti gulu lakuti linapita ku nthambi yakuti ya boma. Mu August 2011 woweruza milandu, mayi Patrícia Acioli, anawomberedwa kokwana 21 akufika pakhomo pake ku Niterói, pafupi ndi Rio de Janeiro. Mayiyu ankadziwika poweruza mopanda mantha apolisi opha anthu ku São Gonçalo. Ofufuza atatola makoko anawerenga zilembo zija, ndipo zinawalozera ku zipolopolo zimene boma linagulira apolisi, zina mwa izo zitaperekedwa ku gulu la apolisi la ku São Gonçalo komweko. Pamodzi ndi umboni wina monga wa mafoni, apolisi 11 anapezeka olakwa, mkulu wa gululo ali m'gulu la omangidwa. Nthawi iliyonse ndikakumbukira mlandu umenewu thupi limachita tsemwe. Anthu amene analumbira kuteteza mayiyu anamupha ndi zipolopolo zogulidwa ndi msonkho wake, ndipo chimene chinathandiza kuwaulula ndi tizilembo tosaoneka bwino popanda galasi.

Dziko lomwelo linaonetsanso mmene njirayi imafera ikachitidwa mwaulesi. Pa 14 March 2018 khansala wa mzinda wa Rio de Janeiro, Marielle Franco, anaphedwa m'galimoto limodzi ndi dalaivala wake Anderson Gomes. Makoko anali ndi chizindikiro UZZ-18, cha gulu limene CBC inagulitsa kwa apolisi a boma lalikulu mu 2006. Malamulo ankati gulu limodzi lisapitirire zipolopolo 10,000. Gulu limeneli linali ndi zipolopolo pafupifupi 2 miliyoni, zogawidwa m'dziko lonse, ndipo zina zinali zitapezeka kale pa kuphedwa kwa anthu ambiri ku Osasco ndi Barueri mu 2015. Chizindikirocho chinanena zoona, kuti zipolopolo zinatuluka m'nkhokwe ya boma, koma sichinathe kunena kuti nkhokwe iti, khomo liti, usiku uti. Amene anapha Marielle ndi dalaivala wake, omwe anali apolisi akale, anagwidwa ndi njira zina ndipo anaweruzidwa mu 2024. Gululo likanakhala la 10,000 monga mwa lamulo, ofufuza akanayamba ndi mayina ochepa a anthu osunga makiyi.

Apa ndi pamene ndaima ine. Nambala imagwira ntchito pamene pali munthu amene anasainira kulandira zipolopolo ndipo ali ndi udindo wozisunga: kupolisi, kwa asilikali, kundende, kwa oteteza nyama zakutchire, kumakampani a alonda. Kumeneko zipolopolo sizigawidwa kwa alamu, sizigulitsidwa pa kilo, ndipo zikasowa pali woyenera kuyankha. Mtengo wake ndi wochepa chifukwa fakitale imasintha chizindikiro kamodzi pa zipolopolo masauzande, osati pa bokosi lililonse, ndipo wolipira ndi boma logulalo. Mlenje sakhudzidwa n'komwe, dzina lake silipita kulikonse. Ndinaonapo ndi maso anga buku la nkhokwe ina ya zida mmene ankawerenga mabokosi okha osatsegula, ndipo mabokosi ena atatsegulidwa anali osadzaza. Panalibe wodziwa kuti zinatuluka liti. Zipolopolo zimenezo zikanapezeka pa mtembo mawa lake, palibe akanadziwa kuti kwawo n'kumeneko. Kuyambira tsiku limenelo sindinakayikenso kuti ntchito yolemba zizindikiro iyenera kuyambira m'nyumba ya boma.

Kwa abale athu okhala ku South Africa nkhaniyi si yachilendo. Mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anagamulidwa zaka 18 mu 2016 chifukwa chogulitsa mfuti pafupifupi 2,400 zimene zinayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zinathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Flats n'kupha anthu, ana omwe. Mgwirizano wa mayiko a SADC wokhudza mfuti ndi zipolopolo unasainidwa ku Blantyre mu August 2001, ndipo mu December 2023 bungwe la United Nations linavomereza ndondomeko yosamalira zipolopolo kuchokera kufakitale mpaka kuwonongedwa kwake, yolimbikitsa zizindikiro ndi kusunga mabuku. Ndondomekoyi siikakamiza dziko lililonse. Boma limene likufuna lingangolemba m'pangano logulira kuti sililandira chipolopolo chopanda chizindikiro cha gulu, ndipo fakitale yofuna ndalama idzalemba.

Ku America kumene muliko zinthu n'zosiyana pang'ono, chifukwa zipolopolo zambiri za achifwamba zimachokera m'sitolo ndi m'nyumba za anthu, osati m'nkhokwe za boma. Kumeneko chimene chikuthandiza kale ndi makina a ATF otchedwa NIBIN. Mfuti iliyonse imasiya timikwingwirima take pa khoko, ndipo makinawa amafananitsa zithunzi za makoko otoledwa pamalo osiyanasiyana, n'kuonetsa kuti mfuti imene inalira kuno Lolemba ndi yomwe inalira uko mwezi watha. Safuna dzina la mlenje aliyense. Amafuna kuti apolisi azitola khoko lililonse, ngakhale pamene palibe wavulala, n'kulijambula m'masiku ochepa osati patapita miyezi. South Africa nayonso ili ndi makina a mtundu umenewu. Ndalama zimene zikanathera pa kaundula wa ogula, ine ndikanaziika pa anthu ogwira ntchito imeneyi.

Ndiye mukakhalanso pa nkhomaliro, avomerezeni anzanuwo pa za makoko otoledwa, za kaundula wodontha ndi za Maryland. Kenako afotokozereni za mayi Acioli, muwafunse ngati angakane kuti zipolopolo za boma zikhale ndi chizindikiro. Ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo, amene sakhulupirira boma kale, adzakhala oyamba kuvomera.

Za makoko atatu a alamu anu, musawaiwale. Ngati pabanja pali amene ali ndi nambala ya mlanduwo, apite kwa wofufuza akafunse zinthu ziwiri: ngati makokowo akusungidwabe, ndiponso ngati anajambulidwa n'kufananitsidwa ndi a milandu ina. Mkuwa suola, ndipo timikwingwirima tija tidakali pomwepo. Mfuti imene inawalavula ikhoza kugwidwa pa mlandu wina chaka chino kapena cha mawa, ndipo tsiku limenelo chofunika n'chakuti zithunzi za makoko atatuwo zikhale zili kale m'makina.